Kulemba kalozera wa ma variable amene amalamulira mafayilo a config mu Git

Wowerenga wina amene amayang'anira gulu laling'ono lolemba mapulogalamu watumiza funso ili. Ma script a gulu lake amene amagwiritsa ntchito Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa code, amayenda bwino pa laputopu za anthu ena, koma pa seva ndi pa makompyuta ena amachita zosiyana. Iye anaika variable yotchedwa GIT_CONFIG kuti iloze ku fayilo ya config, kapena kuti ya makonzedwe a Git, ya gulu lonse, koma git commit ndi git fetch sizinasinthe kalikonse. Tsopano wapatsidwa ntchito yolemba kalozera wa ma environment variable (mayina okhala ndi value amene pulogalamu imalandira ikamayamba kuyenda) amene amakhudza mafayilo a config, ndipo akufuna kudziwa zoyenera kulembamo ndi mmene angazisanjire.

Ndiyambe ndi chimene chakusokonezanicho, chifukwa ndicho chiyenera kukhala pamwamba pa kalozera wanu. GIT_CONFIG ili ndi dzina lalikulu kuposa ntchito yake. Imakhudza lamulo limodzi lokha, la git config, ndipo chimene imachita n'chimodzimodzi ndi kulemba --file pa lamulolo: imauza git config kuti iwerenge ndi kulemba m'fayilo imene mwatchula m'malo mwa mafayilo a nthawi zonse. Malamulo ena onse, monga git commit, git fetch ndi git push, saiona n'komwe. Zolemba za Git zenizenizo zimanena kuti variable imeneyi inangotsalira chifukwa cha zakale, ndipo palibe chifukwa chenicheni choigwiritsira ntchito lero. Choipa chake n'chakuti imanamiza kwambiri munthu wosamala. Munthu wotero akaiika amafuna kutsimikiza kaye, choncho amalemba git config --list, amaona makonzedwe a m'fayilo ya gulu ali pomwepo, ndipo amakhutira kuti zatheka, osadziwa kuti wafunsa lamulo limodzi lokhalo limene limamvera variable imeneyi.

Vuto lanuli likusonyeza khalidwe la Git limene liyenera kutsogolera kalembedwe kanu konse. Git sidandaula ikapeza variable imene siidziwa, imene dzina lake lalembedwa molakwika, kapena imene siikhudza lamulo limene likuyenda. Sidandaulanso ngati fayilo ya system kapena ya global imene mwailozera kulibe. Imangopitiriza ntchito ndi makonzedwe amene yapeza kwina. Pa chifukwa chimenechi, mndandanda wa mayina okhala ndi chiganizo chimodzi pa dzina lililonse uli ngati dzina la mankhwala lolembedwa popanda mlingo ndi nthawi yomwera. Wowerenga wanu adzatsegula kalozerayo zinthu zitavuta kale, ndipo adzafuna kudziwa fayilo imene Git ikuwerengadi pa kompyuta yake, makonzedwe amene apambana pamene awiri atsutsana, ndiponso ngati Git imene ali nayo ikuidziwa variable imene waika. Chilichonse chimene sichikuthandiza kuyankha mafunso amenewa chikhoza kudikira.

Musanatchule variable ngakhale imodzi, fotokozani mafayilowo ndi ndondomeko imene amawerengedwera, popeza ma variable sachita china koma kusintha ndondomeko imeneyi. Git imayamba ndi fayilo ya system, imene imakhudza anthu onse pa kompyutayo. Pa Linux kawirikawiri imakhala /etc/gitconfig, koma malo ake enieni amadalira mmene Git inamangidwira, ndipo pa Windows imakhala mu foda imene Git for Windows inaikidwa. Kenako imawerenga za global, zimene ndi za munthu mmodzi, ndipo pano pali mafayilo awiri, osati imodzi: yoyamba ndi git/config ya mu foda imene XDG_CONFIG_HOME ikuloza, yachiwiri ndi .gitconfig ya mu foda ya munthuyo imene HOME ikuloza. Pambuyo pake imawerenga fayilo ya local, imene ndi .git/config ya repository (foda ya ntchito imene Git ikusunga mbiri yake) imene mukugwiramo ntchito, kenako config.worktree ngati extensions.worktreeConfig yatsegulidwa, ndipo pomaliza zimene zaperekedwa pa lamulo lenilenilo kudzera mu -c. Pa makonzedwe amene amasunga value imodzi, monga user.email, yomaliza kuwerengedwa ndiyo imagwira ntchito. Koma pali makonzedwe ena amene amaunjikana m'malo mophimbana, monga credential.helper ndi http.extraHeader. Pa amenewa, kuika value yatsopano m'fayilo ya local kapena pa lamulo sikuchotsa yakale ya mu system, ndipo njira yochotsera zakale ndi kuika kaye value yopanda kanthu, imene imafufuta mndandanda wonse umene wasonkhanitsidwa kufika pamenepo. Kalozera amene amangonena kuti yomaliza ndiyo imapambana amanena zoona mbali imodzi yokha.

Ma variable awiri amene amavutitsa kwambiri pa seva alibe mawu akuti GIT m'dzina lawo, ndipo n'chifukwa chake olemba ambiri amawaiwala. HOME ndiyo imasankha .gitconfig imene iwerengedwe, ndipo ngati XDG_CONFIG_HOME sinaikidwe kapena ilibe kanthu, Git imayang'ana .config/git/config mu HOME yomweyo. Git inayamba kuwerenga fayilo ya XDG mu 2012, ndi mtundu wa 1.7.12, koma mpaka lero anthu ambiri sadziwa kuti ilipo. Kulemba nako kuli ndi lamulo lake: git config --global imalemba mu .gitconfig, pokhapokha ngati fayiloyo kulibe pamene ya XDG ilipo. Tsono taganizirani script imene munaiyesa pa terminal yanu. Ikayendetsedwa ndi cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi zoikika, imalandira ma variable ochepa kwambiri, ndipo zimene munaika mu .bashrc kapena .profile sizifikako. Ikayendetsedwa ndi sudo, lamulo loyendetsera ntchito ndi akaunti ina, ma variable ambiri amatayidwa chifukwa cha env_reset, ndipo kawirikawiri HOME imakhala ya root, akaunti yolamulira kompyuta yonse. Ikayendetsedwa ngati service ya systemd (pulogalamu yoyang'anira ma service pa Linux) imene sinapatsidwe User, HOME ikhoza kusakhalapo n'komwe, ndipo git config --global imakana ndi uthenga wakuti HOME sinaikidwe. Ndikukhulupirira kuti gawo lalikulu la kusiyana kumene mukuona pakati pa laputopu ndi seva likuchokera pano. Motero pa variable iliyonse, lembani malo enieni amene imaikidwa: mu crontab, mu fayilo ya service, kapena m'mizere yoyamba ya script. Lembaninso kuti iyenera kukhala ndi export, chifukwa variable ya shell yopanda export sifika ku Git.

Chimene munkafuna pamene munaika GIT_CONFIG chimachitidwa ndi GIT_CONFIG_GLOBAL ndi GIT_CONFIG_SYSTEM. Yoyamba ikaikidwa, Git imawerenga fayilo imene mwatchula m'malo mwa mafayilo onse awiri a global, ndipo siyang'ananso .gitconfig ngakhale ya XDG. Yachiwiri imachita chimodzimodzi ndi fayilo ya system. Zonse ziwiri zimakhudza malamulo onse a Git. Koma zinabwera mu June 2021, ndi Git 2.32, ndipo chaka ndi nambala zimenezi ziyenera kuoneka pafupi ndi dzina la variable m'kalozera wanu, osati m'munsi mwa tsamba. Ubuntu 20.04 imabwera ndi Git 2.25.1, Debian 11 imabwera ndi 2.30.2, ndipo CentOS 7 inali ndi 1.8.3.1. Pa makompyuta amenewa, ngati palibe amene anaikapo Git yatsopano, GIT_CONFIG_GLOBAL ndi dzina lachilendo limene Git imangolidumpha osanena kanthu. Ubuntu 22.04, imene ili ndi 2.34.1, ndi Debian 12, imene ili ndi 2.39, zimaidziwa. Ngati gulu lanu lili ndi makompyuta a mbali zonse ziwiri, ndiye kuti script imodzimodziyo ikuwerenga mafayilo osiyana malinga ndi kumene yayendera.

Pa Git yakale pali njira ina, ndipo ndi imene anthu opanga Git amagwiritsa ntchito poyesa pulogalamu yawo yomwe. Amasintha HOME kuti iloze ku foda yapadera yoyeseramo, amachotsa XDG_CONFIG_HOME, ndipo amaika GIT_CONFIG_NOSYSTEM kuti fayilo ya system isawerengedwe. Njira imeneyi imagwira ntchito pa Git yakale ndi yatsopano yomwe, koma ili ndi mtolo wake: HOME si ya Git yokha, choncho mapulogalamu ena amene script yanu imaitana nawonso adzayamba kufunafuna mafayilo awo mu foda yatsopanoyo. Ngati mwasankha njira imeneyi, lembani chifukwa chake, apo ayi wina adzabwera pambuyo panu n'kuichotsa poganiza kuti ndi zotsalira zopanda ntchito.

GIT_CONFIG_NOSYSTEM imatipatsa phunziro lina la kalembedwe. Ndi variable ya inde kapena ayi: imamva true, yes, on ndi 1 ngati inde, ndipo false, no, off ndi 0 ngati ayi. Ikakhala inde, fayilo ya system siwerengedwa, ngakhale GIT_CONFIG_SYSTEM itaikidwa. Munthu akazolowera zimenezi amayamba kuganiza kuti ma variable onse a Git amamva chimodzimodzi, koma sizili choncho. GIT_SSL_NO_VERIFY, imene imazimitsa kutsimikizira satifiketi ya seva, imangoyang'ana ngati yaikidwa, osati chimene chili mkati mwake, moti amene walemba GIT_SSL_NO_VERIFY=false pofuna kuti chitetezo chikhalepo wachizimitsa ndi dzanja lake. Choncho pa variable iliyonse nenani momveka chimene chimachitika ikakhala kuti sinaikidwe, ikakhala kuti yaikidwa koma ilibe kanthu, ndiponso ikapatsidwa value. Zinthu zitatuzi si zofanana nthawi zonse, ndipo wowerenga sangazilote.

Mudzapeza malangizo ambiri akuti ikani GIT_CONFIG_GLOBAL ndi GIT_CONFIG_SYSTEM ku /dev/null, fayilo yapadera yopanda kanthu, kuti Git iyambe yoyera. Zolemba za Git zimavomereza zimenezi, koma kalozera wanu ayenera kunena zimene zimapita limodzi ndi mafayilowo. Choyamba kupita ndi user.name ndi user.email, moti git commit ikhoza kukana n'kufunsa kuti ndinu ndani, kapena kungopeka dzina ndi adiresi kuchokera ku akaunti ndi dzina la kompyutayo. Chimapitanso ndi credential.helper, moti git fetch imene inkadutsa yokha imayamba kupempha mawu achinsinsi, ndipo script imene palibe munthu woiyang'anira imalephera kapena kuima n'kumadikira. Chachitatu n'chimene chimadabwitsa ambiri. Kuyambira mu April 2022, pamene Git 2.35.2 inatseka chiopsezo cha CVE-2022-24765, Git imakana kugwira ntchito mu repository imene mwini wake ndi akaunti ina, pokhapokha ngati foda yake yatchulidwa mu safe.directory. Makonzedwe amenewa sawerengedwa kuchokera ku .git/config, ndipo chifukwa chake n'chomveka, popeza repository yokayikitsayo ikanatha kudzipatsa yokha chilolezo. Ndiye mukatseka system ndi global pa seva imene mafoda ake ndi a akaunti ina, mwachotsanso malo amene chilolezocho chinali, ndipo Git idzakana ndi uthenga wonena za dubious ownership.

Pali zinanso zimene /dev/null sizimitsa, ndipo izi ndizo zimapangitsa munthu kukayika maso ake. Ngati core.excludesFile sinaikidwe, Git imawerenga git/ignore ya mu foda ya XDG, ndipo ngati core.attributesFile sinaikidwe imawerenga git/attributes ya mu foda yomweyo. Mafayilo amenewa si a config, choncho GIT_CONFIG_GLOBAL siwakhudza, ndipo fayilo imene wina anaiika pa mndandanda wake wa ignore idzapitiriza kusaoneka pa kompyuta yake yokha. Samalaninso pa kulemba. GIT_CONFIG_GLOBAL imasintha malo owerenga ndi olembera omwe, ndipo Git ikamalemba config imapanga kaye fayilo yothera ndi .lock pambali pa yeniyeniyo, kenako n'kuiika m'malo mwake. Kwa munthu wamba zimenezi zimalephera mu /dev, ndipo kwa root zikhoza kuwononga /dev/null yeniyeniyo, imene mapulogalamu ena onse pa kompyutayo amadalira. Ine ndimakonda fayilo yeniyeni, ngakhale ikhale ndi mizere itatu yokha, kusiyana ndi /dev/null, chifukwa mukhoza kuitsegula, kuiwerenga, ndi kuisunga mu repository.

Gulu lina la ma variable sililoza ku fayilo koma limanyamula makonzedwewo mwachindunji. GIT_CONFIG_COUNT imanena chiwerengero cha makonzedwe, ndipo aliyense amakhala ndi GIT_CONFIG_KEY ndi GIT_CONFIG_VALUE zokhala ndi nambala kumapeto, kuyambira pa 0. Ngati GIT_CONFIG_COUNT ndi 2, Git imafuna GIT_CONFIG_KEY_0, GIT_CONFIG_VALUE_0, GIT_CONFIG_KEY_1 ndi GIT_CONFIG_VALUE_1, ndipo pano pokha siikhala chete: ikasowa imodzi imaima ndi uthenga wa cholakwa. Koma mukaonjezera KEY_2 n'kuiwala kukweza COUNT, yatsopanoyo siwerengedwa ndipo palibe amene angakuuzeni. Zimenezi zinabwera mu March 2021 ndi Git 2.31, pamodzi ndi --config-env. Zimaphimba mafayilo onse, koma -c yolembedwa pa lamulo imaziphimba. Cholinga chake chachikulu ndi zinsinsi. Token (chinsinsi cholowera pa seva) imene yalembedwa pa lamulo kudzera mu -c http.extraHeader imaoneka kwa aliyense amene walemba ps, lamulo losonyeza mapulogalamu amene akuyenda, pa kompyuta yomweyo, pamene ma environment variable a pulogalamu imene ikuyenda amaoneka kwa mwini wake ndi root okha pa Linux. M'kalozera lembani dzina la key, kumene value imachokera ndi amene ali ndi udindo woisintha, koma value yeniyeniyo isalembedwe, ngakhale monga chitsanzo. Mudzakumananso ndi GIT_CONFIG_PARAMETERS, imene Git imagwiritsa ntchito popereka zimene zinabwera ndi -c ku malamulo ena amene yaitana. Imeneyo ndi ya mkati mwa Git. Itchuleni kuti anthu akaiona asadabwe, ndipo muwauze kuti asaiike ndi manja.

Fayilo ya local ilibe variable yoizimitsira. Chimene chilipo ndi GIT_DIR, imene imasankha repository yonse, ndipo motero imasankhanso config imene iwerengedwe. Malo amene zimenezi zimaluma ndi mu ma hook, amene ndi ma script amene Git imayendetsa yokha pa zochitika zina monga commit. Git ikamayendetsa hook imaika ma variable monga GIT_DIR kuti malamulo a mkati mwake apeze repository yoyenera, ndiye hook ikalowa mu foda ya repository ina n'kuyendetsa git kumeneko, imapitirizabe kugwira yoyamba ija ndi config yake. Lamulo la git rev-parse --local-env-vars limatulutsa mayina onse oyenera kuchotsedwa musanagwire repository ina. Ngati gulu lanu lili ndi ma hook otere, ndime imodzi yaifupi idzakwanira.

Musasakanize zonsezi ndi ma variable amene salamulira mafayilo koma amapikisana ndi key imodzi ya config. Apatseni gawo lawolawo, chifukwa ndondomeko yawo ndi ina. Posankha editor, Git imayang'ana GIT_EDITOR, kenako core.editor, kenako VISUAL, kenako EDITOR, moti variable ina ili pamwamba pa config pamene ina ili pansi pake. Pa pager, pulogalamu yosonyeza zotuluka tsamba ndi tsamba, ndondomeko yake ndi GIT_PAGER, core.pager, PAGER. GIT_SSH_COMMAND imaphimba core.sshCommand, ndipo GIT_AUTHOR_EMAIL ndi GIT_COMMITTER_EMAIL zimaphimba user.email. Chiganizo chakuti environment imapambana config n'chabodza pa theka la zitsanzo zimenezi, choncho musachilembe. Vuto linanso n'lakuti ma variable amenewa saoneka mu git config --list. Munthu akhoza kuona user.email yolondola pa mndandandawo pamene ma commit ake akutuluka ndi adiresi ina. Lamulo limene limanena zoona pamenepa ndi git var, mwachitsanzo git var GIT_AUTHOR_IDENT kapena git var GIT_EDITOR, chifukwa limatulutsa chimene Git idzagwiritsedi ntchito itaphatikiza zonse.

Tsopano za kalembedwe kenikeniko. Musakopere zolemba za Git. Zilipo kale pa makompyuta ambiri amene ali ndi Git: git help git ili ndi gawo la ma environment variable, ndipo git help config imafotokoza mafayilo ndi ma variable amene amawakhudza. Ubwino wa zolemba zimenezi n'chakuti zimagwirizana ndi Git imene ili pa kompyutayo, pamene tsamba la pa intaneti nthawi zambiri limafotokoza Git yatsopano imene mwina mulibe. Chimene zolembazo sizinganene ndi chimene gulu lanu linasankha ndi chifukwa chake, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yanu. Ndime ya variable imodzi ikhoza kumveka motere:

"GIT_CONFIG_GLOBAL imaikidwa m'mizere yoyamba ya script yomangira, ndipo imaloza ku /srv/build/gitconfig. Tinaiika kuti makonzedwe a munthu payekha asalowerere pa zimene seva ikumanga. Imafuna Git 2.32 kapena yoposerapo. Pa Git yakale sichita kanthu ndipo palibe uthenga umene umatuluka. Ikaikidwa, .gitconfig ndi fayilo ya XDG siziwerengedwa, koma .git/config imawerengedwabe ndipo imaiphimba. Fayiloyo ikasowa, Git imayenda ngati ilibe config ya global. Kuti mutsimikize, yendetsani git config --list --show-origin --show-scope ndi akaunti imene imayendetsa script, ndipo muone ngati dzina la fayiloyo likutuluka pa mizere ya global."

Ndime imeneyi ndi yaitali kuposa mzere wa mu tebulo, ndipo mwadala. Tebulo ndi labwino pa dzina, chaka ndi nambala ya Git, koma chifukwa chimene chinthu chinasankhidwira sichikwana m'kabokosi. Ma variable amene gulu lanu siligwiritsa ntchito safuna ndime yotere. Apatseni chiganizo chimodzi ngati angathe kulowa mwangozi kuchokera ku kompyuta ya munthu, monga GIT_CONFIG yomweyi, ndipo ena onsewo asiyeni.

Malamulo otsimikizira nawonso ali ndi zaka zawo, ndipo muzilembe. Mbali ya --show-origin, imene imasonyeza fayilo imene mzere uliwonse wachokera, inabwera mu 2016 ndi Git 2.8. Ya --show-scope, imene imanena ngati mzerewo ndi wa system, global, local, worktree kapena command, inabwera mu 2020 ndi Git 2.26, moti pa Ubuntu 20.04 yokhala ndi Git yake yoyambirira mulibe. Kuyambira ndi Git 2.42, ya mu 2023, git var GIT_CONFIG_GLOBAL ndi git var GIT_CONFIG_SYSTEM zimatulutsa malo a mafayilowo mwachindunji. Chenjezani owerenga za zinthu ziwiri. Makonzedwe ochokera ku GIT_CONFIG_COUNT amaoneka ngati achokera ku command line ngakhale palibe amene analemba -c, ndipo munthu akhoza kutaya nthawi yambiri akufufuza mu script chinthu chimene chili mu environment. Komanso mukapatsa git config mbali ya --global kapena --file, siitsatira include.path pokhapokha mutaonjezera --includes, choncho zimene ikusonyezazo zikhoza kukhala zochepa kuposa zimene git fetch ikuona.

Popeza ndatchula include.path, ndiyenera kunena kuti pa makompyuta a anthu, kusiyana ndi seva, mwina ndiyo njira yabwino yogawanira makonzedwe a gulu kuposa variable iliyonse. Git siwerenga yokha fayilo ya config imene yasungidwa mu repository monga mafayilo ena, chifukwa config ikhoza kuyendetsa mapulogalamu, ndipo kungochita clone sikuyenera kupatsa mlendo mphamvu zotero. Koma munthu aliyense akhoza kuika yekha mzere wa include.path wolozera ku fayilo ya gulu, kapena includeIf, imene inabwera mu 2017 ndi Git 2.13, kuti fayiloyo igwire ntchito pa ma repository a mu foda ina yokha. Mwa njira imeneyi dzina lake, adiresi yake ndi credential.helper yake zimakhalabe momwe zinalili. Kuuza mnzanu kuti aike GIT_CONFIG_GLOBAL pa laputopu yake n'kumulanda zonsezi nthawi imodzi, ndipo sindikulangizani kutero. Dziwani kokha kuti amene angathe kusintha fayilo ya guluyo angathenso kuyendetsa pulogalamu pa kompyuta ya aliyense amene waiphatikiza, choncho kusintha kulikonse pa fayiloyo kuziunikidwa monga mmene mumaunikira code.

Kalozerayo akhale mu repository yomweyo imene muli ma script, ndipo gulu ligwirizane kuti commit imene ikuonjezera kapena kuchotsa variable isinthenso ndime yake. Pamwamba pa script iliyonse pakhale mzere wolozera ku kalozerayo. Ngakhale zili choncho, zolemba sizingaletse Git kukhala chete, ndipo pano ndikulangizani chinthu chimodzi chimene chimaposa kuyang'ana nambala ya git --version. Git imalola key iliyonse imene mwapeka, bola yalembedwa m'kalembedwe koyenera. Ikani mu fayilo ya guluyo key yanuyanu, tinene kuti gulu.chizindikiro yokhala ndi value yakuti seva, ndipo script isanachite china chilichonse ichotse GIT_CONFIG, kenako iyendetse git config --get gulu.chizindikiro. Key ikasowa, lamuloli limatuluka ndi nambala 1, ndipo script iyenera kuima pomwepo ndi uthenga wotchula ndime ya m'kalozera. Mizere yochepa imeneyi imagwira Git yakale, dzina la fayilo lolembedwa molakwika, export yoiwalika, ndi variable imene sudo yataya, zonse ndi mayeso amodzi. Kuchotsa GIT_CONFIG kuyenera kubwera koyamba, chifukwa ikatsala, git config idzapeza chizindikirocho m'fayilo imene malamulo ena sakuiona, ndipo mudzabwerera pamene munayambira.

Pa vuto lanu lenilenilo, yambani mwa kuchotsa GIT_CONFIG paliponse pamene munaiika. Kenako yendetsani git --version ndi git config --list --show-origin pa kompyuta iliyonse imene script imayendapo, kudzera m'njira yomweyo imene script imayendera, kaya ndi cron, sudo kapena systemd, osati pa terminal yanu, ndipo musunge zotulukazo m'mafayilo kuti muziyerekezere. Pamene Git ndi 2.32 kapena yoposerapo, ikani GIT_CONFIG_GLOBAL yolozera ku fayilo yeniyeni yokhala ndi user.name, user.email, safe.directory ndi chizindikiro chija, pamodzi ndi GIT_CONFIG_NOSYSTEM ngati simukufuna za system. Pamene Git ndi yakale ndipo simungathe kuisintha, gwiritsani ntchito HOME yapadera, muikemo fayilo yomweyo ndi dzina lakuti .gitconfig, ndipo mulembe m'kalozera mayina a makompyuta amene akudalira njira imeneyi kuti idzachotsedwe Git yawo ikadzasinthidwa.